Thumba la Mankhusu pa Njinga ya Che Yusufu

Munthu amene anandilakwira kwambiri pa moyo wanga wa ntchito ndi Che Yusufu Mdoka a ku Nselema, katswiri wa mpikisano wa njinga amene anthu ankawatchula kuti Kamvuluvulu. Anabera mpikisano, ndipo atagwidwa analoza ine pamaso pa msika wonse kuti ndine ndinakonza chinyengocho. Ntchito inandithera tsiku lomwelo, ndipo abambo anga, agogo anu a Nakoma, anakhala zaka zambiri akukhulupirira kuti anabereka mwana wokhota. Inu ana anga mumawadziwa Che Yusufu ngati amalume oseketsa aja amene amatibweretsera nyama pa Idi. Tsopano poti ndapuma ntchito, msana sukundilolanso kuwerama pa njinga, ndati ndikulembereni mmene zinayendera, kuti musadzazimve mopotoka kwa anthu a pamsika.

Nselema, ndili mnyamata

Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Umphawi unalipo, koma chachikulu unali mtima wanga wapachala. Mphunzitsi wina atandiseka chifukwa cha kabudula wong'ambika kumbuyo, ndinatuluka m'kalasi osabwereranso. Abambo sanandimenye. Anali mkulu wa mpingo, munthu wosalankhula zambiri, ndipo patapita sabata anandigwira padzanja kupita nane kwa Che Alidi, amene anali ndi sitolo ya zipangizo za njinga ndi kachisakasa kokonzerapo kutsogolo kwake. Anati, "Che Alidi, mnyamatayu mutu ndi wotentha koma manja ndi abwino. Makolo anga anachoka ku Mozambiki ndi khasu ndi dzina basi, ndiye dzinalo ndikulisiya kwa inu." Che Alidi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anandipatsa rimu yopindika. Imeneyo inali ntchito yanga yoyamba.

Ndimawathokoza bambo amene aja mpaka lero, ngakhale ndi iwo omwe anadzandichotsa. Anandiphunzitsa kuwongola rimu pomvera kulira kwa masipoko, kumata tchubu mosathamanga, kudula tcheni ndi kulumikiza. Nati ikandikanika ndinkaimenya ndi sipanala, iwo ali pakhomo la sitolo amvekere, "Lusiyano, sipanala si nyundo. Natiyo siinakutukwane." Lachisanu popita ku Juma ankandisiyira makiyi, akuti, "Iwe Mkhirisitu, sitolo ndi yako mpaka titatuluka mumzikiti. Lamulungu ndidzakubwezera." Ndipo ankabwezadi, Lamulungu ndinkapita kutchalitchi popanda wondifunsa.

Chaka chilichonse anthu akamaliza kukolola mpunga, amalonda a pa Nselema ankakonza mpikisano wa njinga, kuchoka pamsika kukakhota ku Ntaja ndi kubwerera. Sizinali njinga zopyapyala zomwe mumaona pa kanema iyayi. Zinali njinga zathu zomwezi za katundu, ndipo aliyense ankanyamula thumba la mchenga pakaliyala, chifukwa akuluakulu ankati wopalasa weniweni amaoneka ali ndi katundu. Matumbawo ankawayeza pa sikelo ya mpunga anthu onse akuona, kenako wothandiza wa wopalasa aliyense ankatenga thumba lake kupita nalo kuseri kwa masitolo kumene njinga zinkakhala, n'kukalimanga ndi mphira za tchubu chakale. Pobwerera, wothandiza yemweyo ndi amene ankamasula. Njinga ya Che Yusufu inali ya sitolo yathu, ndiye womanga ndi womasula ndinali ine.

Mukanawaona masiku amenewo! Miyendo ngati mitondo, malaya osamanga mabatani, akamakwera chitunda osadzuka pachishalo. Anapambana zaka zotsatizana mpaka anthu anasiya kufunsana kuti apambana ndani, ankangofunsa kuti wachiwiri akhala ndani. Amayi ankasiya tomato pamsika kukaimba nthungululu m'mbali mwa msewu. Ine ndinkawakonda ngati achimwene anga enieni. Ankanditchula kuti mphwanga, ndipo akadya nyama yootcha pamsika ankandisiyira. Njinga yawo ndinkaipukuta ngati mwana wakhanda.

Chaka chomwe zinachitika, ndinamanga thumba la mchenga monga mwa nthawi zonse. Zomwe zinachitika m'njira ndinazimva patapita zaka zambiri, kuchokera pakamwa pawo. Bondo linali litayamba kuwavuta, anyamata atsopano akuwayandikira, ndipo ankaopa kuti tsiku lina amayi aja adzaimbira wina. Ndiye anapangana ndi msuweni wawo kuti azidikirira pa kakhwawa kena pamene msewu umabisika ndi mitengo ya mango. Popita ankatsogola mwamphamvu, n'kusintha thumba la mchenga ndi lina lofanana nalo lodzaza mankhusu a mpunga, pobwerera n'kubwezeretsa la mchenga lija. Tsiku limenelo pobwerera anapeza amayi ochokera kumaliro atakhala pansi pa mango omwewo akupuma, msuweni ataima patali ngati munthu wodikira basi. Amayiwo atawazindikira anayamba kuimba nthungululu, ndipo Kamvuluvulu sakanaima. Anadutsa ndi mankhusu ake mpaka pamsika.

Atangodutsa chingwe, anthu anawanyamula m'mwamba ine ndisanafike pa njinga. Mkulu wina wonyamula katundu pamsika anati nayenso anyamule njinga ya ngwazi. Anakunga thupi kukonzekera kulemera, koma njinga ndi thumba lomwe zinakwera ndi dzanja limodzi mpaka anatsala pang'ono kugwa chagada. Anakuwa, "Aaa! Mchenga wa chaka chino ndi wopepuka bwanji!" Wina anabaya thumba ndi mpeni, mankhusu n'kuyamba kuuluka ndi mphepo, kugwera m'mabeseni a tomato. Anthu amene anawanyamula aja anawatsitsa pang'onopang'ono. Che Alidi anafunsa ndi mawu otsika, "Yusufu, ichi n'chiyani?" Iwo anapukuta thukuta, osandiyang'ana, n'kunena kuti, "Ine ndimangopalasa, Che Alidi. Thumba amamanga ndi Lusiyano kuseri uko. Mufunseni iyeyo."

Munthu wofatsa akanapempha kuti tikhale pansi tifufuze. Ine magazi anakwera kumutu. Ndinagubuduza tebulo la sikelo, ndinawagwira malaya pakhosi, ndikukuwa mawu amene sindingawalembe m'buku la ana anga. Anthu anayi ndi amene anandikoka. Kumbuyo ndinkamva wina akuti, "Mwaona? Wolakwa ndi ameneyu, n'chifukwa chake akulusa." Akuluakulu anagamula kuti Che Yusufu asadzapikisanenso, poti wopalasa sangalephere kumva kuti katundu wapepuka, koma ambiri anakhulupirira kuti nzeruyo inali yanga. Che Alidi anandiuza kuti ndisiye makiyi patebulo.

Kunyumba abambo anali atamva kale. Anandifunsa kamodzi kokha, "Unachita?" Ndinakuwa kuti iyayi, sindinachite, ndikulumbira ndi kumenya chitseko. Iwo anangondiyang'ana, kenako anati, "Munthu wosalakwa sathyola chitseko." Sananene kuti akundikhulupirira. Lamulungu lotsatira anapempha okha kuti ayambe apuma pa ukulu wa mpingo, akuti munthu amene walephera kuwongola nyumba yake sangaime kutsogolo kwa anthu. Sabata yomweyo ndinakwera lole ya mpunga kupita ku Balaka.

Balaka, zaka za thonje

Miyezi yoyamba ndinkagwira maganyu, kutsitsa matumba, kukumba zimbudzi, chilichonse chomwe chapezeka. Mwayi unabwera tsiku lina pamene njinga ya mlangizi wa kampani ina yogula thonje inaduka tcheni pafupi ndi pomwe ndinkadya chimanga chootcha. Ndinailumikiza ndi msomali ndi mwala, ndipo mlangiziyo ananditengera kwa abwana ake, a Magombo. Iwowa anali ndi njinga zambiri za alangizi zitaunjikana m'shedi, zakufa. Anati, "Ukadzutsa theka la izi, ntchito ndi yako." Ndinazidzutsa pophwasula zina kuti zichiritse zinzake. Pa ntchito imeneyi ndinakhalapo nthawi yaitali, nyengo yogula thonje ndikuyenda m'misika ya kumudzi ndi bokosi la zida pakaliyala, ndikugona pa mabelo.

A Magombo ndi amene anaupeza mankhwala mtima wanga. Tsiku lina ndinakangana ndi mlangizi amene anabweretsa njinga yothyoka foloko n'kumanama kuti yathyoka yokha. Ndinali nditanyamula kale sipanala. A Magombo sanakuwe. Anangotsegula mavavu a njinga zonse za m'shedi, mphepo psii, n'kundipatsa pampu. "Popa zonsezi, ukamaliza ubwere udzammenye." Nditamaliza manja anali ngati si anga, ndipo mlangizi uja ndinamupeza akundisungira tiyi. Kuyambira pamenepo ndikamva kutentha pachifuwa ndinkapita kukapopa tayala. Amayi anu, amene ndinakumana nawo akugulitsa thonje la makolo awo ku Nsamala, amati anandikonda chifukwa anaona munthu wolimbikira kupopa, osadziwa kuti amaona munthu wokwiya.

Kumudzi ndinkapitako. Abambo ankandilandira, tinkadyera limodzi, ukwati wanga anadzadalitsa. Koma ndikawabweretsera bulangete kapena shuga, ankazitembenuza m'manja n'kufunsa, "Izi wazipeza bwino?" Funso limenelo linkandipweteka kuposa chibakera. Ndinkabwerera ku Balaka ndikuyeseza m'minibasi mawu oti ndidzawauze Che Yusufu tikadzakumana.

Nsamala ndi Kalembo, zaka za njinga za odwala

Kampani ya thonje itachepetsa antchito, a Magombo anandilankhulira ku bungwe lina la zaumoyo lomwe linkabweretsa njinga zokoka ngolo za odwala m'midzi yakutali ndi chipatala. Ndinayambira ku Nsamala ngati makaniko, kenako ananditumiza ku Kalembo kukakhala kapitawo wa opalasa. Abwana anga anali Mayi Kapinga, mayi wamfupi wa magalasi, amene ankatha kukudzudzula uku akukupatsa nthochi. Ntchito imeneyi ndi yomwe ndimanyadira kwambiri. Ngolo imene ndawotcherera ndekha ndikaiona ikubwerera kumudzi ndi mayi atanyamula khanda, kutopa konse kunkatha.

Mavuto analipo. Panali nthawi imene matchubu anasowa boma lonse, ndipo tinkaphatikira nsanza ndi udzu wouma m'matayala kuti ngolo ziziyendabe. Girisi atasowa, amayi a m'midzi ankatiphikira mafuta a nsatsi. Mayi Kapinga ankabwera kuchokera ku Balaka ndi tchubu chimodzi m'chikwama chawo, akuti, "A Nakoma, ichi ndachichita kupempha ngati mchere. Muone nokha ngolo yomwe ikuyenera." Opalasanso ankathawa, chifukwa kukoka munthu wamkulu mumchenga wa ku Kalembo mwezi wa Okutobala si masewera.

Tsiku lina tinalengeza kuti tikufuna wopalasa mmodzi. Anabwera anthu angapo, ndipo kumapeto kwa mzere kunaima munthu wakuda ndi makala, tsitsi litayamba imvi, atagwira njinga yopanda mabuleki. Ndinawazindikira ndi miyendo. Che Yusufu, atathawa manyazi ku Nselema, ankagulitsa makala cha ku Ulongwe. Iwonso anandizindikira, ndipo anagwira njinga yawo kuti azipita. Mayi Kapinga anawaitana, "Bambo inu, mwabwerera ntchito kapena mwadzationa?" Mayeso athu anali kukoka ngolo muli amuna awiri kukazungulira kudambo. Ena onse ofuna ntchito aja anatsika m'mchenga n'kuyamba kukankha. Che Yusufu, ndi bondo lawo lomwelo, anazungulira osatsika, ndipo pa mabampu ankachepetsa liwiro ngati m'ngolomo muli mazira.

Ine ndinali kuseri kwa shedi ndikupopa tayala lomwe linali lodzaza kale. Mayi Kapinga anandipeza komweko. "A Nakoma, liphulika limenelo. Munthu uja mukumudziwa eti?" Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Opalasa ndi anu. Mukati ayi, ine sindifunsa chifukwa. Koma bwanji osamuuza kuti ntchito ayipeza akapita kaye kwa bambo anu kukaulula? Pamenepo mwapeza zonse." Ndinavomera msanga, chifukwa abambo nthawi imeneyo anali atakalamba, maso atayamba kuchita khungu, ndipo chomwe ndinkafuna pa dziko lapansi chinali choti amve zoona asanatsikire kuli chete.

Koma pobwerera pabwalo ndinayamba kuwaona abambo m'maganizo. Ndinkawadziwa. Akanamvetsera bwinobwino, kenako akanafunsa, "Che Yusufu, masiku ano mukugwira kuti?" Akanangomva kuti kwa Lusiyano, nkhani ikanathera pomwepo: mwana wanga wagula umboni ndi ntchito. Ndikanawonjezera chinyengo chachiwiri pa choyamba chimene sindinachite. Kuwakana ntchito kunali kokoma, koma ndinali ndi midzi ya kutsidya kwa dambo kumene ngolo inakhala miyezi yopanda woipalasa. Ndipo kuwalemba popanda kuwakakamiza kunatanthauza kudikira munthu amene anakhala chete zaka zonsezo, uku abambo akutha. Pa zonse zimene ndinagamulapo pa ntchito, palibe chinandilemera ngati chimenechi. Ndinawauza Mayi Kapinga kuti ndiwalemba, ndipo za ku Nselema sindizitchula. Anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Nanga bambo anu akamwalira munthuyu asananene?" Ndinati, "Pamenepo mudzandigulire pampu yatsopano, mayi."

Musaganize kuti ndinasanduka mngelo. Ndinawapatsa njira ya kutsidya kwa dambo, yoipa kuposa zonse, chifukwa ndi kumene kunkafunika munthu, komanso chifukwa mtima wanga unkakondwera nazo. Sindinkawatchula dzina. Ndinkangoti, "Inu, tcheni icho," iwo amvekere, "Chabwino, akapitawo." Mbiri yawo inawatsatira. Ana ankawakuwiza kuti, "Mankhusu! Mankhusu!" Tsiku lina ndili pachipatala anafika ndi mkulu wina wonenepa amene anathyoka mwendo, thukuta lili chuchuchu, ndipo mayi wina wogulitsa zitumbuwa anakuwa, "Tayambani mwawabaya odwalawo, tione ngati ndi munthu weniweni!" Anthu anaseka. Ine ndikanakhala iwo, zitumbuwa zikanamwazika. Che Yusufu anangopukuta kumaso n'kunena kuti, "Ayezeni ndithu, amayi. Masiku ano ndimanyamula zenizeni."

Anagwira ntchito imeneyo mopanda chinyengo, ndipo ndikunena izi ngati munthu amene ankafunafuna powagwirira. Sanasiyepo wodwala panjira. Dambo likadzaza ankabereka wodwala kumsana kuwolotsa, n'kubwereranso kukatenga njinga ndi ngolo. Mwezi wa Ramazani ankapalasa osamwa ngakhale dontho, milomo itang'ambika. Anthu a kutsidya anasiya kunena kuti itanani ambulansi, ankati itanani Che Yusufu. Mayi Kapinga ankati munthuyu watsuka dzina lake. Ine ndinkati watsuka kwa anthu a ku Kalembo amene sanawalakwire. Mvula inagwa n'kusiya kangapo, uthenga wochokera kumudzi ukunena kuti abambo sakutulukanso panja okha, koma Che Yusufu osatchulabe za ku Nselema. Masiku ena ndinkadzitukwana kuti ndinapusa.

Kubwerera ku Nselema

Kutatsala pang'ono kuti Ramazani ina iyambe, Che Yusufu anandipeza m'shedi masana ndikumanga masipoko. Anakhala pa chitini, chipewa chili m'manja. "Akapitawo, ndikupempha tipite limodzi ku Nselema tsiku la msika." Ndinafunsa kuti kukatani. Anati, "A shehe athu amanena kuti zomwe munthu walakwira Mulungu, Mulungu amakhululuka ukalapa. Koma zomwe walakwira munthu mnzako, ngakhale usale kudya mpaka kuuma, zimadikira mwini wake. Ine ndakhala ndikusala chaka ndi chaka ndikudziwa zimenezi. Ndimati ndikakoka odwala ambiri zikwanira. Sizikukwanira." Ndinawafunsa chomwe chinawaletsa nthawi yonseyi. Anati, "Ku Nselema kudakali anthu ochepa amene amati Kamvuluvulu anachita kupusitsidwa ndi mnyamata wake. Ndimaumira anthu amenewo." Tsiku lomwelo ndi pomwe anandifotokozera za msuweni, za mango, ndi za amayi a kumaliro.

Tinakwera minibasi kudzera ku Liwonde. Pamsika anapita molunjika pa sitolo ya Che Alidi, amene anali atakalamba, sitolo akuyendetsa ana awo. Anthu atamva kuti Kamvuluvulu wabwera anasonkhana. Che Yusufu anaima pamalo pomwe panali sikelo paja, n'kulankhula m'Chiyao kenako m'Chichewa kuti pasakhale wonena kuti sanamve. Anati thumba anasintha ndi iwo, Lusiyano anamanga mchenga weniweni ndipo sankadziwa kanthu. Anawonjezera chomwe palibe anawafunsa, kuti chaka cham'mbuyo mwakenso anachita zomwezo osagwidwa. Pamenepo panabuka phokoso. Bambo wina amene anakhala wachiwiri zaka ziwiri zonsezo, pano ndi telala, analavula pansi. "Ndiye ine ndinapambana kawiri, ana anga osadziwa? Pepani wanuyo mupite naye kwanu." Anachoka, ndipo mpaka lero salankhulana nawo. Sindimuweruza. Che Alidi anandiitana, anandigwira manja onse awiri, akungoti, "Lusiyano, Lusiyano," misozi ikutsikira m'ndevu.

Kumudzi tinawapeza abambo atagona pamphasa pakhonde, achemwali anga akuwaingitsira ntchentche. Titawadzutsa ndi kuwatsamiritsa kukhoma, Che Yusufu anavula nsapato, anagwada, n'kufotokoza zonse kuyambira pachiyambi. Abambo anamvetsera maso ali kumwamba. Funso lomwe ndinkaliopa analifunsadi: "Che Yusufu, masiku ano mukugwira kuti?" Anayankha, "Kwa mwana wanuyu, bambo. Anandilemba kalekale ndili wamakala, ndipo sanandipemphepo kuti ndibwere kuno, ngakhale tsiku limodzi. Akanandipempha, bwenzi nditabwera chaka chomwecho ndi mtima wofuna ntchito. Lero ndabwera ndekha, ndipo pamsika ndanena kale."

Abambo anatseka maso, mpaka ndinaganiza kuti agona. Kenako anayamba kuseka, kuseka kwa munthu wopanda mphamvu kosakanikirana ndi chifuwa. "Zaka zonsezi, m'mawa uliwonse, ndakhala ndikupempherera munthu amene anaika mankhusu m'thumba muja kuti Mulungu amutembenuze. Ine ndimayesa ndikupempherera mwana wanga. Kani mapemphero onse aja amapita kwa Msilamu!" Achemwali anaseka uku akulira. Abambo anatambasula dzanja kufufuza pomwe ndinali, anandigwira kumutu ngati kamwana, n'kunena kuti, "Unandiuza kuti iyayi, ine ndinamvera chitseko. Undikhululukire, mwanawe." Lamulungu lotsatira anauza achemwali kuti awanyamule pa njinga kupita kutchalitchi, ndipo anakalankhula okha pamaso pa mpingo. Anamwalira mvula yoyamba itagwa chaka chomwecho.

Anthu amandifunsa ngati munthu wotchuka amene wabera angabwererenso pamalo pake. Pamalo pake iyayi. Che Yusufu sanakhalenso Kamvuluvulu, ndipo amalonda atafuna kudzutsa mpikisano uja n'kuwapempha kuti akhale oyeza matumba, anakana okha. Chomwe ndinaona ine n'chakuti odwala onse amene anawakoka sakanalowa m'malo mwa ulendo umodzi uja wa kwa abambo, komanso ulendowo ukanakhala mawu chabe pakanapanda zaka za kudambo zija. Ndikuthokoza Mulungu kuti anandipatsa mabwana amene anandiphunzitsa kudikira, chifukwa ndi mtima umene ndinabadwa nawo, nkhaniyi ikanathera kupolisi.

Tsiku limenelo pochoka kwa abambo, tinayenda wapansi kupita kumsewu kukadikira minibasi, dzuwa likupendeka. Pafupi ndi chigayo Che Yusufu anaima. Anati, "Kwa anthu ndanena, kwa bambo ndanena. Kwatsala kwa mwini wake. Ngati muli ndi mawu, akapitawo, nenani. Ngakhale kundimenya, ndaima pano." Mawu onse amene ndinkayeseza m'maminibasi aja ndinawafufuza, koma anali atatha ntchito. Ndinawayang'ana m'maso, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni tsiku la mankhusu lija ndinawatchula dzina.

"Che Yusufu, munandilanda abambo anga ali moyo. Zaka zimenezo simungandibwezere, ngakhale mutakoka odwala a boma lonse la Balaka. Ndipo ndisakunamizeni: mukanapeza manda lero, sindikanakukhululukirani mpaka kufa kwanga. Koma mwawapeza akumva, ndipo amva. Ndakukhululukirani, achimwene. Zikomo kuti mwabwera."